Kandimverere wa M'magazi Mwathu

"Kandimverere anakanena za m'maluwa." Akuluakulu amaponya mwambi umenewu pamene munthu amene anayenera kupita yekha kubwalo watuma mnzake, kenaka n'kuyamba kudandaula kuti zimene wamva si zimene zinanenedwa. Amfumu aitanitsa anthu kuti akambirane za tsiku lotsegulira madzi m'ngalande za mpunga. Mwini munda wachita ulesi, watuma mphwake. Mphwakeyo wabwerako ndi nkhani ya amene anakangana ndi amene anavala chitenje chatsopano, koma tsiku lenilenilo waliiwala panjira. Maluwa amakopa maso, m'mimba salowamo. Langizo la mwambiwu n'lomveka, ndipo pakati pa anthu silinalepherepo: nkhani ikakhala yako, pita ukamve ndi makutu ako. Chodabwitsa n'chakuti thupi la munthu amene akuponya mwambiyo silitsatira langizoli ngakhale kamodzi. M'kati mwake mwini mawu sachoka pakhomo. Chilichonse chimene chimapangidwa, kuyambira tsitsi mpaka magazi, chimapangidwa potsatira zimene wanena wotumidwa. Ndikufuna kusonyeza kuti wotumidwa ameneyu ndi wokhulupirika kwambiri, ndi kuti kudziwa kukhulupirika kwakeko kungatule katundu pamutu pa amayi ambiri a m'chigwa cha Mua, Mtakataka ndi Golomoti, amene akusenza mlandu umene sanapalamule.

Thupi linamangidwa ndi tizidutswa tosaoneka ndi maso totchedwa maselo. Pakati pa selo pali kachipinda, nyukiliyasi, ndipo m'kachipindamo mumasungidwa DNA, ulusi wautali wopotana pawiri umene maonekedwe ake anafotokozedwa mu 1953 ndi James Watson ndi Francis Crick, mothandizidwa ndi zimene Rosalind Franklin anajambula ndi kuyeza. Pa ulusiwo pandandalikidwa tinthu ta mitundu inayi yokha, timene asayansi amatilemba ndi zilembo A, T, G ndi C. Munthu amalandira zilembo pafupifupi 3 biliyoni kwa mayi ake, zinanso zochuluka chimodzimodzi kwa bambo ake, moti tinganene kuti ali ndi mabuku awiri a nkhani imodzi. M'mabukumo muli mitu pafupifupi 20,000, mutu uliwonse wofotokoza kapangidwe ka puloteni. Mutu woterewu ophunzira amautchula jini. Liwuli n'lovuta kuno kunyanja, chifukwa makutu athu akamva za majini amaganiza za mizimu yogwira anthu, ndipo mlangizi wa zaumoyo amene angauze mayi kuti mwana wake akudwala chifukwa cha majini angawonjezere mantha amene amafuna kuchotsa. Pano ndizingoti mutu wa m'buku.

Bukuli silituluka m'kachipinda kake. Amene anafunapo chikalata cha ubatizo ku parishi yakale ngati ya Mua, imene ansembe a White Fathers anaitsegula mu 1902, akudziwa mmene zimakhalira: kaundula wamkulu, momwe muli maina a agogo ndi zidzukulu, sakwezedwa pa kabaza kupita naye ku Chipoka kapena ku Ntcheu. Mlembi amatsegula tsamba lofunikalo, amakopera mzere umodzi pa kapepala, n'kutsekanso bukulo. Kapepalako kakhoza kunyowa kapena kutayika, kaundula ali bwinobwino. Selo limachita chimodzimodzi. Muli kamakina kotchedwa RNA polymerase kamene kamafika pa mutu wofunika, kamalekanitsa ulusi wopotana uja, n'kumayenda chilembo ndi chilembo kakulemba kope lake pa ulusi wina waufupi. Chilankhulo chimakhala chomwecho, kungoti pamene buku lili ndi T, pakope pamakhala U. Uku ndiye kukopera, gawo loyamba la ntchito. Kuti kope lotereli lilikodi zinatsimikizika mu 1961 ndi ntchito ya Sydney Brenner, wobadwira ku Germiston ku South Africa, pamodzi ndi François Jacob ndi Matthew Meselson, ndipo dzina limene linapatsidwa ndi lakuti RNA ya mthenga, mwachidule mRNA. Asayansi eniake, osaudziwa n'komwe mwambi wathu, anamuona kuti ndi kandimverere.

Apa pali chinthu chimene chimauimika mwambiwu chadodolido. Titenge mutu umene umafotokoza mbali imodzi ya himogulobini, puloteni yofiira imene imanyamula mpweya wa okosijeni m'magazi. Mutuwu uli pa chigawo cha buku chotchedwa chromosome ya nambala 11, ndipo uli ndi zilembo pafupifupi 1,600. Koma pakati pake palowerera ndime ziwiri zimene sizikhudza kapangidwe ka puloteniyo. Kope likangolembedwa, lisanatuluke m'kachipinda, ndime ziwirizo zimadulidwa, zotsalazo n'kulumikizidwa, ndipo uthenga umene umatuluka umakhala wa zilembo zongopitirira 600. Ndiye kuti m'selo wolowa m'maluwa ndi mwini mawu, ndipo wotumidwa ndi amene amasadza maluwawo n'kunyamula mfundo zokhazokha.

Gawo lachiwiri ndi kumasulira, ndipo dzinali likuyenera. Uthenga walembedwa m'chilankhulo cha zilembo zinayi, pamene puloteni ili ndi chilankhulo chake china: ili ngati mkanda wautali wotungidwa ndi timikanda ta mitundu 20, totchedwa ma amino acid. Potungira pake ndi pa ribosome, kamakina kamene kamagwira uthengawo n'kumauwerenga zilembo zitatuzitatu. Zilembo zinayi zikasanjidwa zitatuzitatu zimapereka mawu 64. Mwa amenewa, 61 amatchula timikanda. Atatu, UAA, UAG ndi UGA, amatanthauza kuti lekera pomwepa. AUG ndi amene amatsegula nkhani. Liwu loyamba kudziwika tanthauzo lake linali UUU, limene Marshall Nirenberg ndi Heinrich Matthaei anapeza mu 1961 kuti limaitana kamkanda kotchedwa phenylalanine. Woima pakati pa zilankhulo ziwirizi ndi tRNA, kaulusi kamene mbali ina kamazindikira liwu la zilembo zitatu, mbali inayo katanyamula kamkanda ka liwulo, monga ankaimira wotanthauzira pakati pa wansembe wachilendo ndi anthu a m'mudzi. Poti mawu ndi ambiri kuposa timikanda, kamkanda kamodzi kakhoza kukhala ndi maina angapo: GAA ndi GAG onse amaitana glutamic acid, monga "galu" wa lero ndi "garu" wa m'mabuku akale ali nyama imodzi yomweyo. Komabe kuwerenga zitatuzitatu kulibe chifundo. Lembani kuti "ana awa ali apa", mufufute chilembo choyamba, muwerengenso zitatuzitatu: "naa waa lia pa". Mkanda ukatha kutungidwa umadzipinda potsatira mmene timikanda tasanjidwira, tokonda madzi tikuyang'ana kunja, todana ndi madzi tikubisala m'kati, ndipo mapindidwewo ndi amene amapatsa puloteni ntchito yake.

Palibe pamene thupi limadalira wotumidwa kuposa m'magazi. M'mafuta a m'mafupa mumabadwa maselo ofiira oposa 2 miliyoni pa sekondi iliyonse, ndipo selo lililonse limadzazidwa ndi himogulobini pafupifupi 270 miliyoni. Himogulobini imodzi ndi mikanda inayi yolukana, iwiri ya timikanda 141, iwiri ya timikanda 146, ndipo ribosome imamaliza kutunga mkanda umodzi pasanathe mphindi. Selo lofiira likatsala pang'ono kukhwima limalavula kachipinda kake konse pamodzi ndi buku. Kwa masiku owerengeka limapitirizabe kupanga himogulobini kuchokera ku mauthenga amene anakoperedwa kale, lilibenso kaundula wofunsako, kenaka limayenda m'mitsempha masiku pafupifupi 120 ndi zimene linauzidwazo. Mpweya umene msodzi amapuma popalasa bwato, kapena mayi amene akukwera chitunda cha Khwekhwelere atasenza mtolo, umanyamulidwa ndi katundu wopangidwa pa mawu a kandimverere. Akanakhala wonena za m'maluwa, palibe mmodzi wa ife akanafika madzulo.

Tsono tifike pa mwana amene amadwaladwala. Pa liwu lachisanu ndi chimodzi la mutu uja wa pa chromosome 11, anthu ambiri ali ndi GAG. Ena ali ndi GTG. Kusiyana kwake n'kwa chilembo chimodzi, monga "moyo" ndi "moto". Wokopera amalemba GUG mokhulupirika. Womasulira amawerenga GUG mokhulupirika, n'kubweretsa valine pamalo pa glutamic acid. Valine ndi kamkanda kodana ndi madzi, ndipo poti kaikidwa kunja, kamafunafuna pomata. Himogulobini ikangotula mpweya wake imamatirirana ndi inzake n'kupanga timitengo tolimba timene timakhotetsa selo lofiira kukhala ngati chisikilo chomwetera mpunga. Maselo otere amatsekereza timitsempha ting'onoting'ono, ndipo amafa pakatha masiku 10 mpaka 20 m'malo mwa 120. Zotsatira zake amayi amazidziwa asanamve dzina la matendawa: timanja ndi timapazi totupa, kulira kosatonthozeka, maso achikasu, kapamba wotupa, mafupa opweteka ngati muli makala makamaka kukazizira, magazi ochepa mobwerezabwereza mpaka kukathiridwa ena kuchipatala, nthawi zina kufa ziwalo mwana akadali wamng'ono. Awa ndi matenda a sickle cell. Dokotala James Herrick anawafotokoza ku Chicago mu 1910; Linus Pauling ndi anzake anasonyeza mu 1949 kuti vuto lili mu himogulobini; Vernon Ingram, mu 1956 ndi 1957, anapeza kuti kamkanda kamodzi kokha ndi kamene kasintha. M'nkhani yonseyi palibe pamene wotumidwa ananama. Anapereka ndendende zimene anapeza m'buku.

Mfundo imeneyi ndi yolemera kumudzi kuposa mu labotale. Mwana akatupa manja ndi mapazi ali ndi miyezi isanu ndi umodzi kapena isanu ndi itatu, funso loyamba limakhala lakuti walakwa ndani. Ena amati amutsempha, kutanthauza kuti bambo kapena mayi sanadzisunge. Ena amaloza nkhalamba ya kumalire a mudzi. Mwana wachiwiri akadwalanso chimodzimodzi, akuchimuna amayamba kunong'ona kuti magazi a mkaziyo ndi oipa, ndipo ukwati umagwedezeka. Sindikuona chifukwa chonyozera makolo amene analumikiza kutupaku ndi za kumphasa. Anapenya bwino: kutupa kumayambadi patapita miyezi ingapo mwana atabadwa, nyengo imene bambo ndi mayi amakhala atabwererana. Chimene sakanatha kuona n'chakuti nyengo yomweyo m'mafupa a mwanayo mukutsekedwa mutu wina wa buku, wina ukutsegulidwa. Koma pa funso la wolakwa, yankho la selo n'losapita m'mbali. Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Mwana amadwala pokhapokha mabuku onse awiri, la kwa mayi ndi la kwa bambo, ali ndi vuto pa mutu umenewu. Amene ali ndi chilembo chija m'buku limodzi lokha amakhala wathanzi, amalima, amabereka, ndipo kawirikawiri sadziwa n'komwe. Awiri otere akakwatirana, pa mimba iliyonse pali mpata umodzi mwa inayi woti mwana atenge chilembocho mbali zonse. Kuwerengako kumayambiranso pa mimba iliyonse, n'chifukwa chake banja lina limakhala ndi ana atatu odwala motsatizana, lina ana asanu onse athanzi. Ku Chamare Museum ya ku KuNgoni, malo amene bambo Claude Boucher Chisale anayambitsa mu 1976, mlendo amaona miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao ili moyandikana: ena amawerenga mbumba kuchikazi, ena mwambo wawo wakale unkawerenga mtundu kuchimuna. Aliyense ali ndi zifukwa zake pa za minda ndi ufumu. Pa za magazi, selo limawerenga mbali zonse mofanana, ndipo ankhoswe amene akuweruza nkhani ya mwana wodwala asakudziwa zimenezi adzalanga wosalakwa.

Nanga chilembo chopweteka chonchi chinachulukana bwanji, osatha chokha? Yankho lili m'madambo. Pa boma pa Dedza m'pokwera mamita oposa 1,500, ndipo n'kozizira; munthu akatsika Khwekhwelere kufika ku Golomoti amakhala wayandikira msinkhu wa nyanja, umene sufika mamita 500. Kuno n'kotentha, mitsinje ngati Namikokwe ndi Livulezi imatsika m'mapiri n'kumwazika m'chigwa, mpunga umalimidwa m'mahekitala 800 a sikimu ya Bwanje Valley ndi m'madambo ena, ndipo udzudzu susowa poikira mazira. Kumene madzi amapatsa chakudya ndi komwenso malungo amatenga ana. Mu 1954 Anthony Allison, amene anakulira ku Kenya, anasonyeza kuti anthu okhala ndi chilembo chija m'buku limodzi amatetezeka ku malungo, ndipo kafukufuku wa pambuyo pake ku Kilifi, m'dziko lomwelo, anapeza kuti pa malungo akupha aja chitetezocho chimafika pafupifupi 90 pa 100. Kachilombo ka malungo kakalowa m'selo lofiira la mwana wotere sikakula bwino, ndipo thupi limachotsa msanga selo logwidwalo. Kwa mibadwo mazanamazana, m'madera a udzudzu, ana amenewa ankapulumuka pamene abale awo ankaikidwa m'manda, ndipo atakula anapatsira ana awo chilembocho. Walira mvula walira matope. Chimene chinapulumutsa agogo ambiri ndi chomwecho chimene chimazunza mdzukulu amene wachilandira kawiri. Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2015 ndi 2016 anapeza chilembochi mwa ana aang'ono pafupifupi 9 pa 100 alionse m'Malawi muno. Akatswiri amayerekeza kuti mu Africa, kumene kulibe chisamaliro, theka kapena kuposa la ana obadwa ndi matendawa amamwalira asanakwanitse zaka 5, ndipo ambiri imfa yawo imatchedwa ya malungo kapena chibayo, dzina lenileni osatchulidwa. Banja lokhala ndi chilembochi silinatembereredwe. Ndi banja la anthu amene makolo awo anapirira udzudzu.

Wina anganene kuti ndamukometsera kandimverere mopitirira, chifukwa palibe wotumidwa wosaphonya. Akunena zoona. Wokopera amaphonya mwa apo ndi apo, ndipo womasulira amaphonya kuposa pamenepo, mwina kamodzi pa timikanda masauzande angapo. Koma taonani chimene selo limachita ndi kufooka kumeneku. Silituma munthu mmodzi. Mutu umodzi umakoperedwa kambirimbiri, uthenga uliwonse umawerengedwa ndi ma ribosome angapo nthawi imodzi, ndipo mauthengawo pomaliza amaphwanyidwa, atsopano n'kulembedwa. Puloteni imodzi yopindika molakwa imasowa pakati pa mamiliyoni abwino, ndiponso muli timakina toigaya. Kuphonya kwa wotumidwa kumafa naye limodzi, sikupita kwa ana. Kuphonya kwa m'buku ndi kumene kumabwerezedwa ndi mthenga aliyense, tsiku lililonse, moyo wonse. Choncho mwambi wathu sunaname. Unaona theka la nkhani. Anthu khumi akabwerako kubwalo onse n'kunena chinthu chimodzi chodabwitsa, mwini nkhani amasiya kukalipira otumidwa n'kupita kukafunsa kugwero.

Chotsutsa chachiwiri n'cholemera kuposa choyambacho: ngati zinalembedwa mwana asanabadwe, ndiye kuti palibe chochita, tingodikira tsiku. Maganizo amenewa ndi amene amachedwetsa mwana kufika kuchipatala, ndipo amaiwala kuti kulembedwa n'kwina, kuwerengedwa n'kwinanso. Buku la m'selo la m'diso ndi la m'selo la m'chiwindi ndi limodzi. Maselowo amasiyana chifukwa lililonse limatsegula masamba akeake. Mwana ali m'mimba amapanga himogulobini ya mtundu wina, kuchokera ku mutu wina wa pa chromosome 11 yomweyo, ndipo mutu umenewo ulibe chilembo chija. N'chifukwa chake khanda la sickle cell limabadwa looneka bwino. M'miyezi yoyamba, puloteni yotchedwa BCL11A pamodzi ndi zinzake imatseka pang'onopang'ono mutu wa ukhandawo, wa akuluakulu n'kutenga malo, ndipo m'pamene timanja timayamba kutupa. Tsamba limene latsekedwa likhoza kutsegulidwanso. Mankhwala a hydroxyurea, akumwa kamodzi pa tsiku, amachititsa mafupa kuyambiranso kukopera mutu wa ukhanda, ndipo himogulobini ya ukhandayo imalowerera pakati n'kulepheretsa kumatirirana kuja. Kafukufuku wa REACH, amene anatsatira ana oposa 600 ku Angola, ku Democratic Republic of Congo, ku Kenya ndi ku Uganda, zotsatira zake n'kusindikizidwa mu 2019, anapeza kuti ululu unachepa, kuthiridwa magazi kunachepa, imfa zinachepa, ngakhale malungo amene anatsika ndi pafupifupi theka. Kumapeto kwa 2023 maiko a Britain ndi America anavomereza Casgevy, njira yodula pamalo amene amalamulira BCL11A m'maselo a m'mafupa kuti mutu wa ukhanda ukhale chitsegukire. Mtengo wake ku America pa nthawiyo unali madola 2.2 miliyoni pa munthu mmodzi, ndalama zimene banja la ku Mtakataka silingazilote, koma nzeru yake ndi yomweyo ya kapisozi wa hydroxyurea. Ndiponso tisaiwale kuti womasulira sangatunge popanda timikanda. Mwa 20 tija, tisanu ndi tinayi thupi silipanga lokha. Timachokera mu usipa, nyemba, nandolo, nsinjiro ndi mazira. Mwana wodya phala la ufa woyera lokhalokha akhoza kukhala ndi buku langwiro n'kutupabe miyendo, ndipo kutupa kumeneko nakonso kwakhala kukutchedwa tsempho.

Palinso amene angati zonsezi ndi za m'kalasi, zoloweza pokonzekera mayeso a MSCE, zopanda ntchito kwa mlimi. Mua ndi malo oyenera kuyankhira zimenezi. Kwa zaka zambiri pamishoni imeneyi panali malo osamalirako odwala khate. Chimene chinasintha nkhani ya khate padziko lonse ndi mankhwala ophatikiza amene bungwe la World Health Organization linalimbikitsa mu 1981, ndipo wamphamvu kwambiri mwa iwo, rifampicin, ntchito yake ndi kugwira dzanja wokopera wa kachilombo: RNA polymerase ya kachilomboko imaima, uthenga sutuluka, kachilombo kamafa. Ndi mankhwala omwewo amene amafiiritsa mkodzo wa omwe akulandira chithandizo cha TB lero. Gentamicin, doxycycline ndi erythromycin, amene amaperekedwa m'zipatala zathu tsiku ndi tsiku, amagwira ribosome ya mabakiteriya, imene inapangidwa mosiyanako ndi yathu, n'kusokoneza kumasulira kwake. Katemera wa malungo wa RTS,S, amene dziko la Malawi linakhala loyamba kumupereka kwa ana kusikelo pa 23 April 2019, amapangidwa ndi yisiti: chigawo cha mutu wina wa m'buku la kachilombo ka malungo chimaikidwa m'selo la yisiti, ndipo yisitiyo imachiwerenga mosavuta, chifukwa GAG amatanthauza glutamic acid kwa munthu, kwa chambo, kwa mlambe ndi kwa udzudzu womwe. Mlimi wa ku Golomoti wakhala akupindula ndi nzeruyi kwa zaka zambiri. Chimene sanapatsidwe ndi kufotokozeredwa m'chilankhulo chake, ndipo apa kandimverere amene mwambi ukumunena ndife ophunzira, amene tinatumidwa kusukulu kukamva n'kubwerako ndi mawu achingerezi okhaokha.

Chotsutsa chimene ndimachilemekeza kwambiri n'chakuti kuyeza magazi kungabale tsankho latsopano: mnyamata wapezeka ndi chilembo, mudzi wonse wamva, palibe womulola, kapena banja limene linali pamtendere layamba kulozana zala. Mantha amenewa ali ndi maziko, poti tinaona zimene zinkachitika ndi HIV m'zaka zoyambirira. Koma chimene chimabala tsankho ndi uthenga woperewera. Munthu akangouzidwa kuti "muli ndi sickle cell", osauzidwa kusiyana kwa kunyamula ndi kudwala, wauzidwa za m'maluwa. Wonyamula si wodwala. Sapatsira mnzake pogona kapena podyera mbale imodzi, ndipo akakwatirana ndi amene buku lake lilibe vuto pa mutu umenewu, ana awo sadwala matendawa. Awiri onyamula akadziwa, chosankha chili m'manja mwawo ndi mwa ankhoswe awo. Palibe dokotala kapena mfumu woyenera kuwalamula. Akasankha kupitiriza, amapitiriza akudziwa kuti khanda lililonse liyenera kuyezedwa likangobadwa. Wonyamula auzidwenso kuti chitetezo chake ku malungo n'chosakwanira, agone m'neti ngati wina aliyense, ndipo makolo a mwana wodwala adziwe kuti kwa iyeyo malungo ndi oopsa kuposa kwa anzake.

Zofunika kuti mwana wa sickle cell akule n'zodziwika, ndipo zambiri si zodula: kuyezedwa msanga ndi kadontho ka magazi, penicillin wa tsiku ndi tsiku kufikira zaka 5, katemera yense wa kusikelo, mankhwala oteteza ku malungo, neti, madzi akumwa ambiri, chofunda m'nyengo yozizira, hydroxyurea, ndiponso makolo ophunzitsidwa kupapasa kapamba ndi kuthamangira kuchipatala thupi likangotentha. Tizipangizo toyezera tonga ta malungo tija, topereka yankho m'mphindi zochepa, tinapangidwa kale. Zipatala za Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Queen Elizabeth Central ku Blantyre zili ndi makiliniki a matendawa, koma kwa mayi wa ku Golomoti ulendo wa ku Lilongwe umatanthauza kugulitsa mpunga umene ana akanadya. Chisamalirochi chiyenera kutsika chitunda. Pempho langa kwa a Unduna wa Zaumoyo, a ofesi ya zaumoyo ya boma la Dedza ndi eni zipatala za mishoni ndi lakuti khanda lililonse lobadwira ku Mua, ku Mtakataka ndi ku Golomoti liziyezedwa lisanatuluke, ndipo lopezeka ndi matendawa lizipeza mankhwala ake pafupi. Kwa mafumu a m'dera la Kachindamoto ndi kwa ankhoswe ndikuti, nkhani ya mwana wotupa manja ikafika pabwalo panu, musanafunse amene sanadzisunge, tumizani mwanayo ndi makolo ake onse awiri kuchipatala akayezedwe magazi. Ndipo inu bambo a mwana, tsiku limenelo musatume munthu. Pitani nawo limodzi, mukamve nokha.